Kodi Nyengo Yabwino Yokachezera Kunyanja Ndi Iti? Kuunika Langizo Limene Tinazolowera

Aliyense amene anakulira kumapiri a Dedza amadziwa kuti nyanja siili kutali. Tsiku loti kunja kwayera bwino, munthu akamatsika msewu wokhotakhota wa Khwekhwerere, umene umapatuka pa Masasa n'kukathera pa Golomoti, amaiona nyanja ili nyezinyezi patsogolo pake. Boma lathu lomweli la Dedza limakafika mpaka kugombe, kudera la Mtakataka. Komabe ambiri a ife timakalamba tisanapondemo phazi m'madzi amenewo, ndipo amene amapeza mwayi wopitako amapita kamodzi kapena kawiri pa moyo wawo wonse. Ulendo wosowa chotere suyenera kuyendedwa mwachisawawa. Ndalama zimene mlimi wasunga atagulitsa mbatata yake ya kachewere, kapena zimene ophunzira a Folomu 4 akhala akusonkherana kwa chaka chathunthu, zikathera pa ulendo wolakwika nyengo sizibwereranso. Ndipo pali ena amene pa ulendo wotere anatayirapo moyo.

Tikafunsa kuti nyengo yabwino yopitira kunyanja ndi iti, timapeza kuti yankho linakonzedwa kale. Timabuku totsogolera alendo, zikalata za makampani oyendetsa alendo, ngakhalenso zolembedwa pa intaneti, pafupifupi zonse zimaimba nyimbo imodzi: pitani m'nyengo yopanda mvula, kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Okutobala. Langizo limeneli labwerezedwa kwa zaka zambiri kotero kuti ife eni dziko tinalilandira osalifunsa mafunso. Cholinga cha nkhani ino ndi kuliunika mofatsa, kuona pamene likunena zoona, pamene likubisa zina, ndiponso ngati lingathandize munthu wochokera kumapiri kuno.

Tisanapite patali tiyenera kugwirizana za malo amene tikunena. Mizinda inayi ya dziko lino, Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba, yonse inamangidwa kumtunda, kutali ndi gombe. M'mbali mwa nyanja muli matawuni: Karonga, Nkhata Bay, Nkhotakota, Salima, Monkey Bay ndi Mangochi. Ena mwa iwo sali pagombe penipeni. Tawuni ya Salima ili kumtunda pang'ono, ndipo ofuna madzi amapitirira mpaka ku Senga Bay. Ya Mangochi ili m'mbali mwa mtsinje wa Shire, pakati pa nyanja ya Malawi ndi ya Malombe. Kwa munthu wa ku Dedza, malo oyandikira ndi Salima, Monkey Bay ndi Mangochi, ndipo ndi amenewa amene tiwaganizire kwambiri.

Pamene langizoli likunena zoona

Wounika wachilungamo amayamba wavomereza zabwino za chinthu chimene akuchiunika. Langizo la Meyi mpaka Okutobala lili ndi maziko atatu olimba.

Maziko oyamba ndi matenda. Udzudzu umaswana m'madzi odikha, ndipo kuchigwa kotentha umachuluka kwambiri kuposa kumapiri. N'chifukwa chake malungo amavuta kwambiri kuyambira Januwale mpaka Epulo. Mbiri ikutiphunzitsa kuti nkhani imeneyi si yamasewera. Amishoni a ku Scotland, pamodzi ndi Dr Robert Laws, anamanga mishoni yawo yoyamba ya Livingstonia ku Cape Maclear mu 1875 chifukwa malowo anali ndi doko labwino. Malungo anawapha ena mwa iwo, ndipo manda awo alipo mpaka lero. Mu 1881 anasamukira ku Bandawe, ndipo mu 1894 anakwera phiri n'kukakhazikika ku Khondowe. Malo amene anawakomera m'maso anawakana ndi thupi.

Maziko achiwiri ndi misewu. Mvula ikalimba, mitsinje yotsika m'mapiri a Dedza ndi Ntcheu imasefukira m'chigwa, ndipo msewu wa M5, umene umadutsa pa Golomoti ndi Mtakataka kupita ku Salima, wakhala ukuduka kangapo milatho ikakokoloka. Anamondwe akuluakulu amene tawaona m'zaka zapitazi onse anabwera m'dzinja: Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, ndi Freddy mu Malichi 2023. Munthu amene akuti tisayende m'miyezi imeneyi sitingamutsutse mopepuka.

Maziko achitatu ndi kuyera kwa madzi. Mvula ikatha matope amakhazikika pansi, ndipo munthu amatha kuona timbuna tamawangamawanga tikusewera m'miyala. Nsomba zimenezi ndi zimene zinachititsa kuti boma likhazikitse malo otetezedwa a Lake Malawi National Park mu 1980, ndi kuti bungwe la UNESCO liwaike pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Wopita kukaona zimenezi mu Febuluwale akhoza kubwerako wokhumudwa.

Tsono ngati langizoli lili ndi maziko otere, cholakwika chake n'chiyani? Pali zofooka zinayi zimene tiyenera kuzitchula.

Chofooka choyamba: kumanga miyezi isanu ndi umodzi mtolo umodzi

Makolo athu sanagawe chaka pawiri, kuti uku mvula uku dzuwa. Ankasiyanitsa dzinja, masika, nyengo yachisanu ndi chilimwe, chifukwa ankadziwa kuti Juni ndi Okutobala si pachibale ngakhale miyezi yonse iwiri ilibe mvula. Langizo limene tikuliunikali limamanga miyezi yonseyi mtolo umodzi, ndipo potero limabisa chinthu chachikulu chimene msodzi aliyense amayamba kuchitchula: mwera.

Mwera ndi mphepo yochokera kummwera chakum'mawa, imene imawomba kwambiri mu Juni, Julaye ndi Ogasiti. Nyanja yathu inagona motalika kuchokera kummwera kupita kumpoto, mtunda woposa makilomita 560, ndipo ili pakati pa mapiri mbali zonse ziwiri. Motero mphepoyi imayenda motsata nyanja ngati madzi mu mpopi, ndipo mafunde amanka nakula pamene akulowera kumpoto. Mwera ukakwiya umatha kuwomba masiku atatu kapena anayi osapuma. Asodzi amakokera mabwato awo kumtunda, nthambi yoona zanyengo imachenjeza pa wailesi, ndipo nsomba zimakwera mtengo pamsika. Pa 30 Julaye 1946, sitima yapamadzi ya Vipya inagubuduzika ndi mafunde kufupi ndi Chitimba, ndipo anthu 145 anamira. Taonani mwezi wake: ngozi yaikulu koposa imene yaonekapo pa nyanja yathu inachitika pakatikati pa nyengo imene timauzidwa kuti ndiyo yabwino.

Ine ndinaziona ndekha zimenezi. Chaka china ndinaperekeza ophunzira ku Senga Bay mayeso atangotha mu Julaye. Tinanyamuka m'bandakucha kuli chifunga, ana atavala majuzi awiriawiri, onse akuyembekeza kukakwera boti kukafika pa chilumba chimene chimaonekera pagombepo. Titafika tinapeza mafunde akuswa mchenga mwaukali, ndipo mwini boti, bambo wachikulire, anangopukusa mutu. "Aphunzitsi, ndalama zanu ndikuzifuna ndithu," anatero, "koma ana a eni ake sindingawatengere pa madzi awa." Ana ena analira. Ine ndinamuthokoza bamboyo mumtima, ndipo ndinadziimba mlandu chifukwa ndinakhulupirira zowerenga m'malo mofunsa anthu okhala kumeneko. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Sitikunena kuti mwera ndi woipa. Mphepoyi ikamakankhira madzi ofunda apamwamba kumpoto, madzi ozizira apansi, amene ali ndi chonde, amakwera kuchigawo cha kummwera. Chonde chimenechi chimameretsa tizomera ting'onoting'ono timene nsomba zimadya, ndipo ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene nyanja ya ku Mangochi ilili ndi nsomba zambiri. Komanso okonda mpikisano wa maboti amatanga amausangalalira mwera, ndipo mpikisano wawo umachitika m'nyengo yomweyi. Koma mwana wa ku Bembeke amene sadziwa kusambira ndi katswiri woyendetsa boti lamatanga sangapatsidwe langizo limodzi.

Kumapeto kwa mtolo womwewo kuli Okutobala. Tawuni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, pamene nyanja ya Malawi ili pa mamita pafupifupi 475. Munthu akamatsika, kutentha kumawonjezeka ndi madigiri pafupifupi 6 pa mamita 1,000 aliwonse. Izi zikutanthauza kuti wochoka pa Dedza m'mawa amakafika masana kumalo kotentha ndi madigiri 7 kapena kuposerapo poyerekeza ndi kwawo. Mu Juni kusiyana kumeneku ndi mphatso, pakuti munthu amavula juzi n'kupuma ku chisanu cha kwathu. Mu Okutobala ndi chilango. Kugombe kumapitirira madigiri 30 masana, mchenga umawotcha mapazi, ndipo usiku tulo sitibwera. Ana aang'ono ndi okalamba ozolowera mphepo ya kumapiri amavutika kwenikweni. Nawonso utsi wa moto wolusa umadzaza mlengalenga mpaka mapiri a tsidya lija osaoneka. Kunena kuti Juni ndi Okutobala ndi nyengo imodzi n'kusafuna kuuza mlendo zoona zonse.

Chofooka chachiwiri: nyanja yopanda anthu

Tikawerenga mosamala zolembedwa zokopa alendo, timaona kuti zimafotokoza mchenga, dzuwa, madzi ndi mahotela. Anthu a kugombe amangoonekera pa chithunzi, ali m'bwato dzuwa likulowa. Komatu matawuni a m'mbali mwa nyanja ali ndi kalendala yawoyawo, ndipo mlendo wanzeru amayenera kuidziwa.

Kalendala yoyamba ndi ya nsomba. Chambo chimaswana kwambiri mvula ikamayamba. Chachimuna chimakumba chisa mumchenga, ndipo chachikazi chimasunga mazira ndi ana m'kamwa mpaka atakhwima. Khoka likadutsa pamalo otere limapha mayi ndi ana ake nthawi imodzi. Pachifukwa ichi boma limaletsa usodzi wa makoka ena m'miyezi ya Novembala ndi Disembala. Pa chilumba cha Mbenji ku Salima, mafumu a m'dera la Makanjira akhala akutseka usodzi chaka ndi chaka kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo mwambowu wathandiza kuti utaka usathe pamalopo. Tsono taganizirani mlendo amene wafika pa Khirisimasi n'kumaumirira kuti amuwotchere chambo chachikulu. Ndalama yake ndi imene imakopa msodzi kuti aphwanye lamulo usiku. Langizo limene silinena kanthu za nyengo yotseka nyanja limamusiya mlendo akuwononga chinthu chimene wabwera kudzachiyamikira.

Kalendala yachiwiri ndi ya chipembedzo. Ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota kuli Asilamu ambiri. Mwezi wa Ramadan sutsata mvula kapena dzuwa, chifukwa umawerengedwa potsata mwezi wa kumwamba, ndipo chaka chilichonse umabwera msanga ndi masiku pafupifupi 11. M'mwezi umenewu moyo wa m'tawuni umasintha: masana malo ena odyera amatseka, ndipo madzulo ndi pamene misika imadzuka. Wopita kukacheza kwa mnzake wa ku Mangochi ayenera kufunsiratu, kuti asakhale mtolo kwa banja limene likusala kudya, kapenanso kuti akafike pa tsiku la chikondwerero cha Idi ngati waitanidwa.

Kalendala yachitatu ndi ya zokolola. Mango a kugombe amapsa mu Novembala ndi Disembala. Mpunga wa m'chigwa cha Bwanje ndi wa ku Nkhotakota umakololedwa mvula ikatha. Malambe a pa Golomoti amagulitsidwa m'mbali mwa msewu m'nyengo yopanda mvula. Kwa mayi wa ku Dedza amene amatsika ndi matumba a nyemba ndi kachewere kuti akakwere ndi usipa wouma ndi mpunga, nyengo yabwino ndi imene malonda ake angayende. Iyenso ndi mlendo wa kunyanja, ndipo alendo ngati iye ndi ochuluka kuposa ogona m'mahotela, koma palibe kabuku kamene kamamuganizira.

Chofooka chachitatu: mlendo wake ndi uti?

Langizo lililonse limakhala ndi munthu amene wolemba ankamuganizira. Tikaliyang'anitsitsa langizo la Meyi mpaka Okutobala, timaona kuti munthu wake ndi wochokera kunja, amene ali ndi tchuthi cha Julaye ndi Ogasiti kwawo ku Ulaya, ali ndi galimoto, ndipo akufuna kuona nyanja pamodzi ndi nyama za ku Liwonde, zimene zimaoneka bwino udzu ukauma. Munthu ameneyu tiyenera kumulandira ndi manja awiri, pakuti ndalama zake zimalemba ntchito abale athu. Cholakwika ndi chakuti ife tatenga malaya osokeredwa iye n'kumawavala osayesa.

Munthu wa kumapiri ali ndi zomumanga zake. Kuyambira Novembala mpaka Malichi mlimi sangachoke pamunda, ndipo Januwale ndi Febuluwale ndi miyezi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitagona. Ndalama imaoneka zokolola zikagulitsidwa, cha mu Meyi kupita m'tsogolo. M'nyengo yachisanu ambiri amakhala kudimba, ndipo mu Okutobala amakhala akusosa ndi kugalauza poyembekeza mvula. Wophunzira naye amamangidwa ndi kalendala ya sukulu: mayeso a MSCE amalembedwa pakati pa chaka, ndipo tchuthi chachitali chimatha mu Sepitembala. Kuwonjezera apo, miyezi imene alendo akunja amachuluka ndi imenenso malo ogona amadzaza ndi kukwera mtengo. Langizo lothandiza Mmalawi likanayenera kuyamba ndi mafunso awa: mukupita kukatani, muli ndi zingati, mwasiya ntchito yanji kumudzi, ndipo mukupita ndi yani?

Chofooka chachinayi: kuyesa kuti nyengo sizisintha

Madzi a m'nyanja amakwera ndi kutsika chaka chilichonse. Amafika pamwamba cha mu Epulo ndi Meyi, mitsinje itatha kutsanuliramo mvula yonse, ndipo amatsikitsitsa cha mu Novembala ndi Disembala. Mu 2024 madziwa anakwera mwakuti anamiza mchenga, minda ndi nyumba zina zogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Amene anafika mu Meyi chaka chimenecho, atawerenga kuti nyengo yabwino yayamba, anapeza mafunde akumenya makoma pamalo pamene pachithunzi panali mchenga.

Chimodzimodzinso ndi matenda. Tinazolowera kunena kuti kolera ndi matenda a dzinja. Koma mliri umene unayamba mu Malichi 2022 sunathe mvula itatha. Unapitirira m'chilimwe, n'kufalikira m'maboma a m'mbali mwa nyanja, ndipo pofika mu 2023 unali utapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Likodzo nalo silisankha mwezi. Tizilombo take timakhala mu nkhono za m'madzi osaya ndi odikha, makamaka pamene pali mabango ndi pamene anthu ambiri amasamba ndi kuchapa. Mlendo amene wauzidwa kuti nyengo yopanda mvula ndi yotetezeka amatayirira: amamwa madzi osathira mankhwala, amagona opanda neti, ndipo amasamba paliponse. Langizo lopatsa munthu chitetezo chabodza ndi loopsa kuposa kusalangiza n'komwe.

Pamenepa pali mfundo ina imene ikutikhudza ife a kumtunda. Timadandaula kuti m'dzinja madzi a ku Salima amakhala ofiira. Kodi matope amenewo amachokera kuti? Mtsinje wa Linthipe, umene umathira m'nyanja kufupi ndi zilumba za Maleri, umatenga madzi ake m'mapiri ndi m'minda ya Dedza ndi Lilongwe. Tikadula mitengo ya m'mapiri ndi kulima mpaka m'mphepete mwa mitsinje, dothi lathu lachonde limatsikira kunyanja, kumene limakakwirira miyala imene mbuna zimadyapo ndere. Motero nyengo imene madzi amakhala oyera imafupika chifukwa cha nkhwangwa ndi khasu la kwathu. Mlendo wa ku Dedza akaona madzi ofiira pa Senga Bay adziwe kuti akuyang'ana munda wake.

Dzinja lisanyozedwe kotheratu

Chifukwa chakuti langizoli limatamanda miyezi youma, anthu ambiri amaganiza kuti m'dzinja kunyanja kulibe choona. Maganizo amenewa ndi olakwika. M'dzinja mapiri ozungulira nyanja amabiriwira, mlengalenga mumayera mvula ikangokata, ndipo mbalame zochokera kutali zimakhala zilipo. Ndi m'nyengo imeneyinso pamene nkhungu zimaoneka kawirikawiri. Tizilombo timeneti timakulira pansi pa madzi, ndipo timatuluka tambirimbiri nthawi imodzi n'kukwera m'mwamba ngati utsi wa moto waukulu pakati pa nyanja. Anthu a kugombe, makamaka a ku Nkhotakota ndi kumpoto, amatiwola ndi malichero n'kutiumba kukhala ndiwo. Wophunzira wa sayansi ya zamoyo angaphunzire zambiri poona zimenezi kuposa pogona pamchenga tsiku lonse. Koma walira mvula walira matope: wosankha dzinja avomerezenso udzudzu, mphepo ya mpoto imene imadza mwadzidzidzi ndi mabingu, ndi msewu umene ungaduke iye ali tsidya lina.

Chizolowezi chathu nachonso chiunikidwe

Kungakhale kukondera ngati tingadzudzule olemba timabuku okha n'kudzisiya tokha. Amalawife tili ndi langizo lathu losalembedwa, lakuti kunyanja amapitako pa Tsiku la Anakubala, pa 15 Okutobala, kapena pa Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Pa masiku amenewa mabasi ndi malole amatsika Khwekhwerere atadzaza mopitirira muyeso, magombe amadzaza anthu, mowa umamwedwa padzuwa loswa mtengo, ndipo kawirikawiri tchuthi chikatha timamva pa wailesi za anthu omira ndi za ngozi zapamsewu. Ambiri mwa omirawo amakhala ochokera kumtunda, osadziwa kusambira, amene sazindikira kuti pansi pa nyanja pamatha kutsetsereka mwadzidzidzi. Kulemekeza mayi ndi chinthu chabwino kwambiri. Koma kodi ndi ulemu kumutengera mayi wokalamba wa ku Linthipe kumalo kotentha koposa, pa tsiku lodzaza koposa, m'galimoto yodzaza koposa? Tinasankha tsikuli chifukwa ndi latchuthi, osati chifukwa nyanja imakhala bwino. Zoimbaimba zikuluzikulu za kugombe, monga Lake of Stars, imene inayamba mu 2004 ku Chintheche, zimakokanso anthu ambiri nthawi imodzi. Wofuna nyimbo ndi khamu apite pamenepo akudziwa chimene akufuna. Wofuna kuiona nyanja asankhe sabata ina.

Chigamulo

Titaunika zonsezi, tinganene kuti langizo la Meyi mpaka Okutobala si labodza, koma ndi losakwanira, ndipo linalembedwera munthu wina. Kwa munthu wa kumapiri a Dedza amene akupita kukacheza ku Salima, Monkey Bay kapena Mangochi, pali mipata iwiri imene ikuoneka yoposa ina.

Mpata woyamba ndi kumapeto kwa Epulo mpaka mkati mwa Meyi. Mvula imakhala itakata, dziko likadali lobiriwira, mlengalenga muli moyera, ndipo mwera usanalimbe. Kovuta kwake n'kwakuti udzudzu umakhala usanachepe, madzi amakhala ali pamwamba moti mchenga umachepa, ndipo ambiri amakhala ali pakalikiliki kukolola.

Mpata wachiwiri ndi kumapeto kwa Ogasiti mpaka mkati mwa Sepitembala. Mwera umakhala ukufooka, kutentha kwa Okutobala kusanafike, misewu ili youma, udzudzu uli wochepa, madzi ali oyera, nsomba zikugwidwa mololedwa, ndipo mlimi wagulitsa zokolola koma sanayambe kukonza munda mwamphamvu. Mpata umenewu umakumananso ndi tchuthi chachitali cha sukulu. Ine ndikanati ndikonzenso ulendo wa ophunzira, ndikanasankha umenewu. Ndikanaimanso pa Mua, pa mishoni imene ansembe a White Fathers anaikhazikitsa mu 1902, kuti ana akaone zosungidwa za chikhalidwe cha Achewa, Angoni ndi Ayao pa Kungoni, malo amene bambo Claude Boucher anawayambitsa mu 1976. Potero ngakhale mphepo itatiletsa kukwera boti, ulendo sungapite pachabe.

Komabe ngakhale chigamulo changachi musachimeze osatafuna, pakuti mukatero mudzakhala mwachita cholakwa chomwe chija tachidzudzula. Chaka chilichonse chili ndi khalidwe lake. Musananyamuke mverani za nyengo pa wailesi, imbirani foni munthu wokhala kugombeko, nyamulani neti, ndipo mukafika funsani asodzi malo oyenera kusambapo. Msodzi akati lero sitilowa, musamunyengerere ndi ndalama. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Inu amene mukuphunzira kulemba, tengaponi phunziro lina. Mukamawerenga langizo lililonse, kaya la ulendo, la ulimi kapena la malonda, dzifunseni kuti walemba ndani, akulembera yani, ndipo wasiya chiyani osanena. Ndipo tsiku lina mmodzi wa inu adzalembe kabuku ka m'Chichewa kofotokoza nyanja mwezi ndi mwezi, kotchula mwera ndi mpoto, nyengo yotseka nyanja, mtengo wa basi ndi malo otetezeka osambira, kolembera mlimi wa ku Mayani ndi wophunzira wa ku Lobi. Anthu a kumapiri akhala akutsikira kunyanja kuyambira kalekale, atasenza nyemba ndi kubwerako ndi nsomba, ndipo akuyenera kukhala ndi malangizo olembedwera iwo.